Apongozi akubwera pa Khirisimasi, nyumba ndiyiyambire pati?

Make Tadala (Area 25)
Mwaswera bwanji amayi ndi abambo pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Apongozi anga aakazi akubwera kuchokera ku Ntchisi kudzadya nafe Khirisimasi, ndipo aka kakhala koyamba kugona m'nyumba mwathu chilowereni ine m'banja. Nyumbayi ndi ya lendi, zipinda ziwiri ndi pabalaza, pansi ndi simenti yofiira ija. Penti wa m'makoma anatuwa kalekale, ndipo pakona ya chipinda cha ana pali banga lakuda lomwe limabwera dzinja lililonse. Fumbi la Okutobala uno nalo silikundipatsa mpata, ndikapukuta m'mawa pofika masana tebulo latuwanso mbuu. Ndalama zomwe ndikudikira ndi za banki m'khonde, tigawana kumayambiriro kwa Disembala, ndipo si zambiri. Mtima wanga uli pa makatani atsopano ndi kapeti. Bambo a Tadala akuti tigule penti. Inuyo mukanayambira pati?

Nambewe (Chilinde)
Taswera Make Tadala. Kwa ine makatani ndi penti zonse ziyambe zadikira. Yambirani kudenga. Masana dzuwa lili paliwombo, tsekani zitseko ndi mawindo, muyang'ane kumwamba. Ngati mulibe siling'i, paliponse pamene mukuona kadontho ka kuwala, pamenepo ndi pomwe mvula idzalowere. Ngati siling'i ilipo, fufuzani malo omwe achita zikangazikanga zachikasu. Banga lakuda mukunenalo ndi nkhungu, ndipo nkhungu simera pouma. Mukapaka penti pamwamba pake madzi akulowabe, pofika Febuluwale pentiyo ayamba kufufuma n'kusupuka, ndalama yanu yapita.

Make Tadala (Area 25)
Siling'i mulibe asisi. Mawa masana ndiyesa zimenezo.

A Phiri omanga nyumba (Mchesi)
Amayi anena zoona. Ndingofunsako Make Tadala, bangalo lili m'mwamba pafupi ndi denga, kapena m'munsi pafupi ndi pansi?

Make Tadala (Area 25)
Lili m'munsi bambo. Limayambira pansi penipeni n'kukwera mpaka cha m'mawondo mwanga. Nthawi zina pamatuluka zoyera ngati mchere.

A Phiri omanga nyumba (Mchesi)
Ndiye vuto lanu si denga lokha ayi. Amenewo ndi madzi okwera kuchokera m'nthaka. Njerwa imamwa madzi ngati mmene chingwe cha nyali ya koloboyi chimakokera palafini. Pomanga timayenera kuyala pulasitiki yakuda pamwamba pa maziko tisanayambe khoma, koma nyumba zambiri za lendi anazimanga mothamanga, pulasitikiyo sanaike. Zoyerazo ndi mchere wa m'njerwa womwe madzi amautulutsa, akauma umatsala pamwamba.

Pitani kuseri kwa khomalo mukaone zinthu zitatu izi. Kodi madzi otsika pa malata amagwera m'mphepete mwenimweni mwa khoma? Kodi dothi lakunja lakwera kuposa pansi pa m'nyumba? Kodi pali mpopi, bafa kapena malo otsukirapo mbale pafupi? Nthawi zambiri mupeza chimodzi mwa zimenezi. Mankhwala ake ndi khasu. Kumbani kangalande kochotsa madzi kuti azithawira kutali ndi nyumba, dothi lomwe launjikana pakhoma mulisalaze kuti lipendekere kunja. Mukapeza thumba limodzi la simenti, mmisiri akuikireni kakhonde kopendekera kunja m'mbali mwa khomalo. Zikatero khoma liyamba kuuma lokha, makamaka ndi kutentha kulipoku.

China. Pakhoma lachinyezi musapake penti wa oyilo. Amatseka khoma, madzi amasowa potulukira, ndiye amakankha pentiyo. Pakani laimu kapena penti wa madzi.

Make Chisomo (Chilobwe)
Nkhani ya ngalandeyi musaitenge mopepuka abale anga. Ife kuno tinaona ndi maso athu m'mwezi wa Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwa. Za matope otsika m'phiri la Soche sindinena zambiri, mtima umawawabe. Koma ngakhale kumunsi komwe matopewo sanafike, makoma ambiri anagwa chifukwa madzi anaima m'mbali mwa nyumba masiku angapo mpaka njerwa zinafewa. Chichokereni nthawi imeneyo, ine kukonza nyumba kwa chaka ndimakuyambira panja. Ndimatenga khasu ndi wilibala, ine ndi ana timachotsa majumbo, mabotolo ndi mchenga m'ngalande yonse mpaka kumsewu, ndipo ndimagogoda kwa aneba kuti nawonso atsegule mbali yawo. Mukatsegula panu pokha aneba akumunsi atatseka, madzi amabwerera kwa inu nomwe.

Nambewe (Chilinde)
Pepani Make Chisomo. Mulungu apitirize kukutonthozani.

Make Tadala (Area 25)
Pepani kwambiri amayi. Ndamva. Ndatuluka pompano kukaona, ndipo a Phiri mwalasa. Kuseri kwa chipinda cha anako ndi komwe mtsikana wa aneba amatayira madzi ochapira, ndipo malata athu ndi aafupi, madzi amagwera pakhoma penipeni. Koma nanga poti nyumba ndi ya eni, ndiwononge ndalama zanga?

A Banda (Zingwangwa)
Lankhulani ndi alandilodi musanagule kanthu. Ambiri amavomera kuti mukonze, ndalamayo mudule pa lendi. Koma mugwirizane polemba, ngakhale pa meseji ya pafoni, ndipo malisiti musunge. Ine nyumba ina ndinakonza denga lonse pongodalira mawu a pakamwa, potuluka mwini wake anati sanandituma. Zinandiwawa kwambiri chifukwa inali ndalama ya fizi ya mwana.

Za mabowo a malata, ambiri amakhala pa misomali yomwe yasukusa. Bambo a Tadala akwere m'mawa malata asanatenthe, aziponda pomwe pali mizere ya misomali poti m'pamene pali mitengo pansi pake. Msomali wosukusa auzule, akhome wina wa chipewa, pabowo amate phula ndi kansalu. Asadikire chizimalupsa, malata onyowa amaterera.

Nagama (namwino, Zomba)
Ndilowepo pa nkhani ya mankhwala, chifukwa nyengo ino ya kukonza m'nyumba ndi yomwe anthu amadzipweteka nawo. Nkhungu ya pakhoma imachoka ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, m'manja mutavala magolovesi kapena majumbo. Koma chonde, Jik musamusakanize ndi china chilichonse kupatula madzi. Osati viniga, osati mankhwala otsukira m'chimbudzi, osati sopo wa amoniya. Zikakumana zimatulutsa mpweya woipa womwe umawotcha m'maso ndi m'mapapo, ndipo mabafa athu ang'onoang'ono opanda windo aja munthu akhoza kukomokeramo. Ambiri amaganiza kuti akaphatikiza ndiye kuti mphamvu ichuluka. Ayi ndithu.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo ndikupempha aliyense awerenge. Mapiritsi aja oika m'matumba a chimanga kuti aphe anankafumbwe, ena amawaika kuchipinda kuti aphe nsikidzi kapena makoswe. Mapiritsi amenewo akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo umadutsa pamwamba pa khoma kulowa chipinda china, makamaka nyumba zopanda siling'i ngati yanuyi. Ana ndi omwe amayamba kugonja. M'nyumba yogona anthu asalowemo.

Make Chisomo (Chilobwe)
Nanga nsikidzi tizitani nazo anamwino? Mwana wanga anabwera nazo kuchokera ku sukulu yogonera konko.

Nagama (namwino, Zomba)
Nsikidzi zimaopa kutentha. Tulutsani bedi panja, mulimasule, muthire madzi owira m'malumikiziro monse ndi m'ming'alu ya matabwa. Zofunda ndi zovala muviike m'madzi otentha kwambiri, zikauma muzisite, makamaka m'misoko. Matiresi muunike m'mphepete mwa msoko, mukwechemo ndi bulashi, muwaike padzuwa la Okutobala lino tsiku lonse uku mukuwatembenuza. Ming'alu ya pakhoma mumate. Chinsinsi chake n'kubwereza. Mazira ake amaswa pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi, ndiye mukachita kamodzi n'kusiya, zimabweranso. Bwerezani kawiri kapena katatu. Chikwama cha mwana wochokera ku sukulu chizitsegulidwira panja.

Ndisaiwale masikito. Neti ya mankhwala sichapidwa ndi Jik kapena kufikisidwa pamwala. Sopo wamba, madzi ozizira, kuyanika pamthunzi. Imapirira kuchapa pafupifupi ka 20, choncho musaichape mwezi uliwonse. Pong'ambika sokani tsopano, udzudzu usanachuluke. Make Tadala, apongozi anu adzapeze neti yawo yomangidwa kale.

Nachisale (Ntcheu)
Ndawerengera agogo anga nkhani yonseyi, ndiye akuti ndilembe mawu awo. Ndilemba momwe akunenera.

Akuti: Mwana wanga Make Tadala, apongozi ako ndi munthu wa kumudzi ngati ine. Akalowa m'nyumba sayang'ana kuti nsalu ya pawindo wagula ndalama zingati. Ayang'ana kumbuyo kwa chitseko, pansi pa bedi, kunsi kwa mapoto, ndi kuchimbudzi. Akapeza m'menemo muli bwino, mtima wawo ukhala pansi kuti mwana wawo ndi adzukulu akusamalidwa.

Akuti ife kale mwezi ngati uno, amuna akamweta udzu n'kufolera, ntchito yotsala inali ya ife amayi. Timayamba ndi tsache lomangirira ku nsungwi, kugwetsa mwaye ndi akangaude kudenga, katundu yense ali panja padzuwa. Kenako timapita kudambo kukakumba mtsiro, timasenza pamutu m'madengu. Mtsirowo timauviika, kuuponda, kuchotsamo timiyala ndi mizu. Pozira umayambira kukona yakutali n'kumabwerera chammbuyo kulowera kukhomo, utagwada, dzanja likuyenda mozungulira kuti pakhale mizere ngati mamba a nsomba. Pakayamba kuuma koma pasanaumitsitse, umatenga mwala wosalala wa kumtsinje n'kumakulungiza mpaka pansi pachita kuwala. Mwala umenewo mayi aliyense anali ndi wake, ena anachita kusiyiridwa ndi amayi awo. Kuno kwa Angoni a ng'ombe ena amazira ndi ndowe, pakauma sipanunkha ndipo fumbi silibuka.

Makoma akunja timawalemba. Katondo amapereka kufiira, makala osinja kapena dothi lakuda la kudambo kuda, phulusa ndi dothi loyera kuyera. M'munsi mwa khoma mzere wakuda waukulu kuti matope a mvula asaoneke, pamwamba pake maluwa, timakona, nkhuku, chilichonse chomwe dzanja lako likudziwa. Pa Khirisimasi mudzi wonse umaoneka ngati wavala zatsopano, popanda ndi tambala yomwe. Mvula ikazifufuta, chaka chamawa ulembanso zina.

Akuti iwe uli pa simenti, suzira. Koma dongosolo lake ndi lomwelo. Tulutsa katundu, yambira kumwamba, tsirizira pansi, ndipo tuluka chammbuyo.

Make Tadala (Area 25)
Nachisale, muwathokozere agogo. Misozi yalengeza m'maso chifukwa amayi anga malemu ankazira chimodzimodzi, ndipo ine ndinkawatungira madzi. Ndinaiwala zoti ndinaphunzirapo kanthu pamenepo.

Nambewe (Chilinde)
Agogo anena za mzere wakuda m'munsi mwa khoma. Nzeru imeneyo imagwira ntchito ndi m'tauni momwe. Ndi chifukwa chake m'sukulu ndi m'zipatala amapaka mtundu wakuda m'munsi, woyera m'mwamba. Pamene pali ana aang'ono, manja awo amathera cha m'chiuno mwa munthu wamkulu.

A Phiri omanga nyumba (Mchesi)
Poti ndalama ndi zochepa, ndifotokoze za laimu, ena amati njereza. Ndi wotchipa kuposa penti, ndipo amalola khoma kupuma. Muviikeni m'ndowa usiku, m'mawa mumusungunule akhale ngati mkaka, osati ngati phala. Muponyemo mchere wodzaza dzanja pa ndowa imodzi, umathandiza kuti asamachoke msanga mukatsamira. Khoma mulipale kaye pomwe pakusupuka, muliwaze madzi pang'ono, kenako pakani mopyapyala. Musadandaule mukaona kuti akuoneka wotuwa ngati simunapake kanthu, amayera akamauma. Mawa lake bwerezani, mkuja bwerezaninso ngati pakufunika. Ambiri amalakwitsa popaka wokhuthara kamodzi kuti athane nazo, ndiye amang'aluka n'kumayoyoka.

Laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndi woopsa, ana akhale kutali. Komanso sagwira pamwamba pa penti wa oyilo wonyezimira uja. Ngati khoma lanu lili ndi penti wotero, ingolitsukani ndi sopo ndi siponji, mudzadabwa kuti kutuwa kwambiri linali fumbi ndi utsi wa mbaula. Ndipo penti wa oyilo wakalekale musamupale ndi sandipepa ana ali pompo, wina amakhala ndi mtovu, fumbi lake si labwino kwa mwana.

Mukasuntha kabati ndi mabedi, onani ngati pali timisewu ta dothi tokwera khoma kapena pa felemu la chitseko. Chimenecho ndi chiswe. Nkhuni ndi makatoni musaunjike motsamira nyumba.

Nankhoma (Johannesburg)
Moni kumudzi. Ine ndilankhulepo za kukongoletsa, poti ndi zomwe Make Tadala anafunsa poyamba. Ntchito yanga kuno ndi ya m'nyumba za anthu, ndipo chomwe ndaphunzira n'chakuti chipinda chimakongola mukachotsamo zinthu, osati mukawonjezera. Kwathu pabalaza pamakhala sofa yaikulu, kabati ya magalasi yodzaza mbale zomwe sitidyera, makalendala a zaka zitatu, maluwa apulasitiki ogwira fumbi, madoilo pampando uliwonse. Munthu umasowa popondera. Ine ndikanati chotsani zonsezo, musiye khoma loyera ndi chinthu chimodzi chokongola.

Ndipo mudziwe, m'masitolo a zokongoletsa kuno muli mipando ya nsungwi yolukidwa ija, amaitchula dzina loti Malawi chair, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Ndi yomwe ija timaidutsa m'mbali mwa msewu kwathu osaicheukira. Malichero ndi madengu amawakhoma pakhoma ngati zithunzi. Kapeti musagule asisi, ndi fumbi la ku Lilongwe ndi matope a dzinja idzakulemetsani. Gulani mkeka wabwino wa mlaza, wochokera kunyanja, mumangoukung'untha panja basi.

Mayi Nasimango (Kasungu)
Mwana wanga Nankhoma, za mkeka ndi malichero ndagwirizana nawe. Koma za kabati ndakana. Mbale zili m'menemo si zongodzaza malo. Muli makapu omwe ndinalandira pa ukwati wanga, muli mbale yomwe anandisiyira amayi anga, muli tiipoti yomwe mwana wanga woyamba anandigulira ndi malipiro ake oyamba. Mlendo akabwera ndimatsegula kabatiyo, ndipo iye amadziwa kuti ndamulemekeza. Nyumba za azungu ukugwiramozo zili ndi zipinda zosungiramo katundu, n'chifukwa chake pabalaza pamakhala mbee. Ife chipinda chosungira tichitenga kuti? Kabatiyo ndiye sitolo yathu, ndiyenso mbiri ya banja.

Nankhoma (Johannesburg)
Pepani amayi, sindinafune kunyoza. Ndikunena za kuchulukitsa.

Mayi Nasimango (Kasungu)
Sunanyoze mwanawe, tikukambirana. Pa kuchulukitsa uli ndi mfundo. Ine chaka chilichonse mwezi uno ndimatulutsa zonse za m'kabati, kutsuka, kupukuta magalasi ndi nyuzipepala yonyowa pang'ono kenako youma. Chosweka ndimataya, chomwe sindinachigwire zaka ziwiri ndipo chilibe nkhani yake ndimapatsa wina. Zotsalazo zimapeza mpata, zimaoneka. Makalendala akale ndiye inde, atsike. Maluwa apulasitiki ngati ukuwafuna, aviike m'madzi a sopo, amabwerera mwakale.

Make Tadala (Area 25)
Nkhani ya madoilo yandikumbutsa. Ndili nawo asanu ndi limodzi oyera, ali m'sutikesi. Analuka ndi apongozi anga omwewa ndi manja awo, anandipatsa tsiku la chinkhoswe. Sindinawayalepo chifukwa ndinkaona ngati ndi zachikale.

Mayi Nasimango (Kasungu)
Atulutse lero lomwe. Uwachape ndi manja, uwaviike m'madzi a sitachi, ngati ulibe sungunula ufa wa chinangwa pang'ono m'madzi otentha. Uwayanike chogoneka pa thaulo kuti asatambasuke mokhota, uwasite asanaumitsitse. Mayi ameneyo anakhala masiku angati akuluka, akuganiza za nyumba ya mwana wake? Akadzalowa n'kuwaona pa mipando, palibe katani ya m'sitolo yomwe ingamusangalatse kuposa pamenepo.

Nankhoma (Johannesburg)
Apa ndiye ndagonja amayi. Amenewo ayalidwe. Mwina osati onse pamodzi, awiri pa sofa, imodzi patebulo pansi pa mtsuko wa maluwa, ena kuchipinda komwe adzagone.

Amake Taonga (Chipata)
Muli bwanji a ku Malawi. Pansi pofiira paja musapabise na kapeti, m'pabwino kale. Kolopani na sopo kuchotsa polishi yakale yomwe yagwira dothi, pakauma pakani Cobra yofiira pang'ono chabe na kansalu, muyembekeze iume, ndiye mupukute na bulashi ya kuphazi mpaka muziona nkhope yanu. Kuno ena amapanga yawo, kusungunula makandulo n'kusakaniza na palafini na ufa wofiira wa simenti uja. Koma amene achita zimenezo achotse poto pamoto, apite nayo kutali, ndiye athire palafini. Pafupi na mbaula ni ngozi ya moto.

Nagama (namwino, Zomba)
Ndipo polishi isachuluke pomwe padzadutse apongozi, makamaka pakhomo ndi njira ya kubafa. Munthu wamkulu akaterereka n'kuthyoka chiuno, kuchira kwake n'kovuta. Pakhomo ikani chiguduli chopondapo, mvula ikayamba mapazi amalowa onyowa.

Nazimbiri (Leeds)
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, nkhaniyi yandipatsa chilakolako cha kwathu. Kuno nkhungu timalimbana nayo nthawi yozizira, chifukwa timatseka mawindo n'kumayanika zovala m'nyumba, nthunzi imakhala pakhoma. Chomwe chimathandiza ndi chomwechonso chingathandize a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje nthawi ya chiperoni: kutsegula mawindo m'mawa uliwonse ngakhale kwa kanthawi, ndi kusiya mpata wolowa dzanja pakati pa khoma ndi wadirobu kapena bedi. Nsapato ndi zikwama zachikopa zimachita chuku zikakhala mothinana.

Za kukongoletsa nyumba ya lendi, kuno eni nyumba ambiri salola kukhoma misomali. Ine ndinatenga chitenje chomwe anandipatsa achemwali anga pondiperekeza, ndinachikulunga pa felemu la matabwa opepuka n'kuchimata kumbuyo, ndiye ndinachitsamiritsa pa shelefu. Aliyense wolowa amayamba wafunsa za chimenecho. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana chithunzi chotere ndi makushoni awiri. Langizo langa n'loti musankhe chitenje chimodzi chokha, ndiye mitundu ina yonse ya pabalaza muitengere m'menemo. Mukaika zitenje zinayi zosiyana, maso amasowa popumira.

Nambewe (Chilinde)
Zoona. Ndipo makatani musathamangire atsopano Make Tadala. Omwe muli nawowo achapeni kaye, mudzaona mtundu wake weniweni. Ngati ndi aafupi kapena atha m'munsi, telala akulumikizireni mzere wa chitenje chomwecho kunsi kwake. Mukafunadi ena, pitani ku msika wa Tsoka m'mawa akamatsegula mabelo, mufufuze mashiti a bedi olimba amtundu umodzi. Shiti imodzi yaikulu imatulutsa makatani a windo limodzi. Pomanga waya, mukweze pamwamba pa windo ndithu ndipo upitirire mbali zonse, chipinda chimaoneka chachitali ndipo kuwala kumalowa kokwanira mukatsegula.

A Banda (Zingwangwa)
Maluwa enieni nawonso ndi aulere. Pemphani nthambi kwa aneba, mubzale m'zitini za penti kapena mumtsuko wadothi wong'aluka womwe sukusunganso madzi. Mukabzala pano, pofika Khirisimasi agwira. Kungoti tisamasiye madzi ataima m'timbale ta pansi pake. Amene mungadutse ku Dedza, ku Dedza Pottery kuli miphika ndi makapu okongola, koma ngakhale mtsuko wa amayi oumba a pamsika ndi wokwanira, muutsuke n'kuuika pakona ndi udzu wouma wamaluwa kapena nthambi zingapo.

Ndiwonjezere mawu kwa abambo anzanga pagulu pano. Ntchito iyi tisawasiyire amayi okha. Kukwera padenga, kukumba ngalande, kunyamula kabati, kumasula bedi, kupaka laimu, zonsezi tigwire ndife. Bambo a Tadala, amene akubwerawo ndi amayi anu.

Make Tadala (Area 25)
Ndawawerengera a Banda. Akuti amva, Loweruka ayamba ndi denga.

Make Tadala (Area 25)
Abale, ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Padenga tinapeza mabowo asanu ndi awiri, onse amatidwa. Alandilodi anavomera pa meseji kuti simenti ndi phula tidule pa lendi. Ngalande tinakumba, ndipo aneba nditawafotokozera mwaulemu anasintha potayira madzi. Mvula ya Lachiwiri ija inagwa yamphamvu, ine ndinadzuka usiku ndi tochi kuzungulira nyumba yonse, sipanadonthe paliponse. Pakona paja ndinatsuka ndi Jik, tinadikira sabata ziwiri kuti paume, tapaka laimu kawiri. M'munsi mwenimweni mukadali kachinyezi pang'ono, koma kuda kuja kulibe.

Makoma a pabalaza ndinangowatsuka monga ananenera a Phiri, madzi ake anatuluka akuda bii. Penti sitigulanso chaka chino. Pansi pa bedi la ana ndinatulutsa makatoni atatu omwe tinabwera nawo posamuka, ena anali atayamba kudyedwa ndi chiswe. Madoilo ndawachapa, ndawaika sitachi wa chinangwa, auma gwa ngati atsopano. Ndagula chitenje chimodzi chobiriwira ndi chachikasu, telala akusoka makushoni anayi ndi mzere wa makatani. Malichero awiri ndakhoma pamwamba pa sofa, pakati pake chithunzi cha ukwati wathu. Kapeti ndaisiya, ndikufuna mkeka. Ndalama ya banki m'khonde ikabwera ndigula matiresi atsopano a apongozi, chifukwa omwe alipo ndi opyapyala ndipo iwo amadandaula msana.

Mayi Nasimango (Kasungu)
Wachita bwino mwana wanga. Matiresiwo ndiye ofunika kuposa zonse unatchula poyamba zija.

A Phiri omanga nyumba (Mchesi)
Kachinyezi kotsalako musadere nako nkhawa, khoma lomwe lamwa madzi zaka zambiri siliuma mwezi umodzi. Bedi la ana lisagunde pamenepo, ndipo ngalandeyo muziyiona mvula iliyonse ikatha, mchenga umatsekamo msanga.

Nambewe (Chilinde)
Mkeka ndikupezerani, mlamu wanga amabwera kuchokera ku Salima Lachisanu lililonse. Yezani pabalaza ndi mapazi mundiuze kutalika ndi kufupika kwake, ndimuuze asankhe woluka mothinana.

Nachisale (Ntcheu)
Agogo asangalala kwambiri, akuti ndiwonjezere chimodzi. Apongozi ako adzadzuka kusanache monga anazolowera kumudzi, ndipo adzafuna kusesa pabwalo. Usadzawalande tsache n'kumati khalani pansi amayi, adzamva ngati ndi mlendo wodutsa. Ugule tsache latsopano la panja, uliike poonekera pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo mpando wawo kapena mphasa ikhale pakhonde pomwe pamafika dzuwa la m'mawa.

Make Tadala (Area 25)
Ndamva agogo. Tsache ndigula mawa popita kwa telala. Asisi Nambewe, ndayeza, ndi mapazi anga khumi ndi awiri m'litali, asanu ndi atatu m'lifupi.